Tsiku Limene Anti Dainess Analambula Manda a Azungu

Mukafunsa aliyense amene anakhalako ku Romford, kum'mawa kwa London, zaka zija, akuuzani kuti Anti Dainess Jimu sankavomera zoti padziko pano pali munthu wa ku London. Kwa iwo London inali depoti ya basi chabe. Anthu amadikirirapo, ena amakalambirapo kumene, koma palibe amene mchombo wake unakwiriridwa pamenepo. Ndiye aliyense wokumana nawo, kaya dokotala, kaya wapolisi, kaya bambo wogulitsa nsomba pamsika, ankayamba amupatsa moni bwinobwino, kenako n'kumuponyera funso lawo lotchuka lija: "Kwanu n'kuti?"

Ukayankha kuti London, ndiye kuti wadziputira.

"Ayi mwanangu, kuno mumangokhala. Ine ndikufunsa kwanu. Agogo anu obereka amayi anagona kuti?"

Woyendetsa basi wina, mzungu wa mikono yolembalemba, anayesa kuwayankha mwachidule kuti alowe msanga. Anti anaima pakhomo pomwepo, chikwama m'khwapa, mzere wa anthu ukunyowa ndi mvula kumbuyo kwawo, mpaka munthu wa Mulungu analonjeza kuti akafunsa amayi ake. Sabata yotsatira atawaona m'mbali mwa msewu anaimika basi pamalo osaimika, n'kutsegula chitseko mano onse ali pamtunda.

"Ku Norfolk! Kamudzi ka m'mbali mwa nyanja! Amayi analira nditawafunsa."

"Mwaona? Munali ndi kwanu nthawi yonseyi, koma mumangoyenda ngati nkhuku yachilendo."

Kuchipatala nako anali odziwika. Amati tsiku lina anapita kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, ndipo anatuluka osayezedwa, koma atanyamula pepala la mankhwala limene dokotala anajambulapo mapu a mudzi wa agogo ake, ndi chitsime chomwe.

Amene ankavutika kwambiri ndi khalidwe limeneli anali Effie, mayi wa ku Dedza amene ankagwira nawo ntchito m'nyumba ina yosamalira okalamba. Effie anali munthu wamanyazi, wa aja amapepesa ngakhale wina akawaponda phazi. Kuyenda ndi Anti m'tauni kunali kumuika pamoto. Koma ankawakonda, ndipo kunena zoona ankawaopanso pang'ono, monga timaopera munthu amene saona mpanda pamene tonse tikuuona. Ndi Effie yemweyo amene anazindikira chinthu chimodzi chimene ena sanachione: Anti sankayankha funso lawo lomwe. Zinkadziwika kuti anabadwira pafamu ina ku Zimbabwe, bambo awo atachokera ku Malawi kalekale, n'chifukwa chake Chichewa chawo chinali ndi kamchere ka Chishona. Kupitirira apo, zii.

"Nanga inuyo Anti, kwanu n'kuti?" Effie anafunsa tsiku lina pa buleki.

"Iwe, tiyi akuzizira. Imwa."

M'nyumba ya okalamba ija munali bambo wina dzina lake Walter Rogers, wa zaka za m'ma eyite, woonda, waulemu, wopesa tsitsi m'mawa uliwonse ngati akudikira alendo. Alendowo sanabwerepo. Analibe mkazi, analibe mwana, analibe ngakhale wachibale wabodza wobwera pa Khirisimasi. Ndipo aliyense wogwira ntchito m'nyumbamo ankadziwa zimene zimachitika munthu wotere akamwalira: khansolo imatenga thupi, n'kuliwotcha m'mawa wina, popanda wolira. Anti anapitako kamodzi ku maliro otere, a gogo wina wa m'nyumba momwemo. Anapeza mipando yokhayokha. Anaimba okha nyimbo yonse, mavesi onse, wogwira ntchito pamalopo akuyang'ana wotchi, ndipo anabwerako atakwiya koopsa.

"Munthu si chinyalala, Effie. Pa shifiti yanga zimenezi sizichitikanso."

Ndiye dokotala atanena kuti mtima wa a Walter watopa, ndipo mwina nyengo yozizira ikubwerayo saiona, Anti anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi lawo. Apa funso lija silinali lachipongwe ayi. A Walter anati anakulira kumalo osungira ana amasiye mumzinda, ndipo za kwawo ankangokumbukira zidutswa. Amayi awo dzina linali Joyce. Panali tchalitchi cha nsanja yamatabwa yopaka choyera. Panali dziwe la atsekwe olusa. Panalinso mtengo waukulu wakuda, ndipo pansi pake ndi pamene anaika amayi awo, iwo ali kamwana kogwiridwa dzanja. Dzina la mudzi linawathawa kalekale.

"Basi, zakwana," anatero Anti. "Effie, ofu yako ndi liti?"

Kuyambira pamenepo Effie analibenso tsiku lopuma. Ankakwera basi mpaka pamene imathera, woyendetsa n'kuzimitsa injini, iwo n'kutsika kuyamba wapansi. Effie anadabwa kuona kuti London yomweyi imafika potha, nyumba n'kusanduka minda, akavalo akusuzumira pampanda. Anayendera matchalitchi osawerengeka. Kwawo ku Dedza munthu salowa kumanda popanda maliro, ndiye Effie ankazengereza pachipata chilichonse. Anti ankaima, kuwomba m'manja katatu, n'kunena mokweza, "Odi eni kuno, ndife alendo, tikufuna mnzanu." Chimene chinkawaimitsa mutu ndi azungu amene ankawapeza atakhala pabenchi pakati pa ziliza akudya masangweji, galu ali pambali.

"Maiwe! Anthu awa saopa kanthu," ankatero. Kenako ankawayandikira n'kuwafunsa kwawo.

Loweruka lina, mapazi atatupa, anafika pakamudzi kotchedwa Wennock. Asanaone n'komwe tchalitchi, atsekwe anawathamangitsa kuchokera padziwe mpaka pachipata, Effie akukuwa, Anti akuseka misozi ili mbwembwembwe, chifukwa anali ataona kale nsanja yoyera yamatabwa pamwamba pa mitengo.

M'tchalitchimo anapezamo abusa, mayi wansangala dzina lake Stephanie, ndi bambo wina wamtali wa jekete la zigamba m'zigongono. Amenewa anali a Paterson, mphunzitsi wopuma ntchito, wapampando wa kagulu kofufuza mbiri ya mudziwo. Munthuyu ankadziwa chaka chimene belu linasweka ndi dzina la amene analiswa. Makolo ake a Paterson anawatsata mpaka zaka mazana anayi m'mbuyo, bambo wobala bambo wobala bambo, ndipo ankawatchula ngati akuwerenga Genesis. Kwa nthawi yoyamba Anti anakumana ndi mzungu amene atamufunsa kwawo analoza pansi pamene anaima. Anamupatsa ulemu nthawi yomweyo.

Koma atawafotokozera za a Walter ndi amayi awo Joyce Rogers, a Paterson anapukusa mutu. Anati ziliza zonse za m'mandamo anaziyendera, ndipo dzina limenelo palibe.

"Amayi anga omwe anali a Rogers asanakwatiwe," anatero, "koma mbale wawo dzina lake Joyce sindinamumvepo. Komanso ine ndimatsata mzere wa a Paterson."

"Abambo okhaokha? Nanga amene anakuberekani?"

"Dzina limayenda ndi abambo, mayi."

"Dzina liyende. Kwathu bambo ndi mlendo, mwana ndi wa amayi ake."

A Paterson anamwetulira mwaulemu, n'kulonjeza kuti alembera kalata kumalo osungira mabuku akale, ndipo yankho libwera pakapita miyezi. Miyezi imeneyo a Walter analibe. Anti anatuluka panja kukafuna mtengo wakuda uja, ndipo anaupeza kuseri kwa tchalitchi, pafupi ndi mpanda wamiyala. Atafika anagwira pakamwa. Mbali yonseyo inali tchire. Udzu unkafika m'chiuno, minga itayanga, zitsamba zoyabwa zili mbwee. Manda a anthu, m'dziko la makina otchetchera kapinga pakhomo lililonse!

Anabwerera kwa abusa n'kufunsa mofatsa ngati angabwere ndi amayi anzawo a kutchalitchi kudzasamala manda. Abusa Stephanie anasangalala kwambiri. M'mutu mwawo ankaona amayi angapo akuika maluwa m'mabotolo ndi kupukuta ziliza ndi kansalu.

Loweruka lotsatira m'mawa, minibasi yochokera ku Tottenham, mu London momwemo, inaima pachipata cha tchalitchi cha Wennock. Munatsika amayi ovala zitenje pamwamba pa majekete, ena atangoweruka shifiti ya usiku, maso ali psuu. Munatsikanso makasu. Musafunse kuti makasu ku London anawapeza kuti. Anzathu a ku Zimbabwe amene amalima chimanga m'timinda tobwereka ku khansolo amabwera nawo m'masutikesi, ndipo Anti anawasonkhanitsa onse ndi foni imodzi. Panali zikwanje, panali masache. Anawomba m'manja, anapemphera, wina anayambitsa nyimbo.

Effie yekha ndiye anaona kachikwangwani kojambulidwa gulugufe kamene kanazikidwa m'mphepete mwa tchirelo. Anakawerenga kawiri.

"Anti, taimani. Apa akuti malo ano anawasiya dala. Ndi a maluwa akutchire ndi agulugufe. Kudula sikuloledwa."

Anti analavulira m'manja n'kugwira mpini.

"Agulugufe ali ndi mapiko, apita kwina. Akufawa apita kuti?"

Khasu loyamba linagwa. Abale, amayi aja analima ngati akulipira ngongole ya manda onse a kwawo amene sanawalambule chibwerereni ku Ulaya. Ena ankaimba akulira, ndipo Effie anadziwa kuti sakulirira azungu. Iye mwini anayamba ndi mantha, koma pofika pakati anali atavula jekete, akuzula minga ndi manja. Dzuwa lisanafike pamutu, tchire lonse linali mulu pakona. Nthaka inali yoyera, yosesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka, ngati pabwalo la mayi waukhondo m'mawa.

Ndi nthawi imeneyo pamene a Paterson anatulukira ndi galu wawo.

Anaima. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Nkhope inafiira kuyambira pakhosi. Maluwa aja anali ana awo. Anawasamala zaka zoposa makumi awiri, ndipo ena anali osowa kwambiri moti ophunzira a ku yunivesite ankabwera kudzawajambula atagwada. Mawu atabwera anabwera onse pamodzi: chiwembu, umbuli, malamulo, polisi. Nyimbo inazima. Amayi anayamba kubisa makasu kumbuyo, ndipo Effie ankangoganiza za mapepala ake okhalira m'dziko muno. Abusa Stephanie anabwera akuthamanga, n'kuima chilili manja ali kumutu.

Anti okha ndiwo sanatekeseke. Anali atagwada pansi pa mtengo wakuda uja, akutsuka kanthu ndi madzi a m'botolo. Anadikira mpaka bambo aja mpweya unawathera.

"Pepani bambo, talakwa. Koma musanaitane apolisi, tandiwerengereni apa. Magalasi ndaiwala."

Munthu wa mbiri sangadutse chiliza osachiwerenga, ngakhale nyumba ikupsa. A Paterson anawerama akung'ung'udza. Kanali kamwala kakang'ono, kosafika m'bondo, kopendekera, kamene mizu ndi minga zinakameza zaka zambiri zapitazo. Anawerenga mokweza, mwaukali: "Joyce, mwana wa Edith Rogers." Kenako anawerenganso, motsitsa. Kachitatu milomo yokha ndiyo inagwedezeka.

Edith Rogers anali agogo awo a Paterson, obereka amayi awo. Pang'onopang'ono a Paterson anayamba kulumikiza zimene anazimva ali mwana: akuluakulu akusiya kulankhula iye akalowa, agogo akuzembera kuseri kwa tchalitchi mapemphero akatha. Joyce anali mkulu wawo wa amayi awo. Anabereka mwana wopanda bambo wodziwika, banja linamufufuta, ndipo atamwalira kamwanako anakataya kumzinda. Mayi wake yekha ndiye anamuikira mwala, n'kulembapo dzina lake lokha, la mwamuna wake ayi. Ndipo mdzukulu wake, katswiri wa mbiri ya mudzi, anakhala zaka zonsezo akuletsa anthu kuponda pamenepo.

A Paterson anakhala pansi, padothi losesedwa lija.

"Ndiye kuti bambo Walter amenewa ndi khazeni wanga."

"Khazeni wa chiyani?" anatero Anti. "Amayi anu ndi amayi awo ndi bele limodzi. Amenewo ndi achimwene anu, mimba imodzi. Inu ndinu mwini munthu. Akadwala ndi inu, akamwalira maliro ndi anu. Nyamukani, mudetsa buluku."

Effie amati sanaonepo mzungu wamkulu chonchija akumvera ngati mwana wa sukulu. Effieyo anangoyang'ana Anti, thukuta lili chuchuchu, duku litapendekera. Mayi ameneyu anali atawononga munda wa eni, n'kutulutsamo munthu ndi mbale wake.

A Walter anawabweretsa pa njinga ya olumala masiku angapo otsatira, atapesa tsitsi kuposa kale. Anagwira khungwa la mtengo uja nthawi yaitali. A Paterson anaima pambali chipewa chili m'manja, osadziwa poyambira, mpaka Anti anawakankha pamsana.

"Ndine mng'ono wanu," anatero bambo aja.

A Walter anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwachedwatu," anatero. Kenako anafunsa ngati atsekwe aja akadali olusa.

Anamwalira masamba akuyoyoka, mng'ono wawo ali pambali pa bedi. Anaikidwa pafupi ndi amayi awo. Tchalitchi chinadzaza, theka anthu a m'mudzi, theka amayi a zitenje, ndipo nsanja yamatabwa ija inanjenjemera ndi nyimbo zimene sinazimvepo chiimikireni.

Musaganize kuti za maluwa zinathera pomwepo. A Paterson anakhululuka, koma sanaiwale. Anagwirizana kuti pansi pa mtengo ndi pa Anti, kwina konse n'kwa agulugufe, ndipo anamanga chingwe pamalire. Chaka chilichonse Anti ankabwera ndi khasu lawo, ndipo chaka chilichonse chingwe chija chinkapezeka chitasuntha pang'ono.

"Mayi Jimu, chingwechi chinali apa."

"Ndi mphepo, bambo. Dziko lanu lino n'lamphepo."

Akatha kukangana ankakamwa tiyi kwa abusa. A Paterson anayamba kufufuza mzere wa amayi, ndipo anapeza kuti theka la mudziwo ndi abale awo, kuphatikizapo anthu amene sankalankhulana nawo.

Anti Dainess anatisiya m'chaka cha 2009. Anadwala masiku ochepa, osavutitsa munthu. Anthu anasonkhana m'fulati mwawo ku Romford, amayi pansi, abambo m'khonde, nsapato zili mulu pakhomo. Ndipo monga timachitira tonse kuno, akuluakulu anayamba kukambirana zotumiza thupi kumudzi. Wina anafunsa mwana wa Anti, Shamiso, kuti thupi lipite kuti. Mtsikanayo, amene Chichewa amangomva koma kuyankha amayankha m'Chingerezi, anayang'ana pansi n'kunena kuti sakudziwa.

Ndi pamene zinadziwika. Bambo a Anti anachoka ku Nyasalandi ali mnyamata, wapansi, ndipo anamwalira osatchula mudzi, ankangoti kwathu n'kuseri kwa phiri. Malawi ali ndi mapiri angati? Famu imene Anti anabadwira inasintha eni, komboni anagumula, ndipo pamene panali manda a antchito anadzalapo fodya. Ku Zimbabwe ankawatcha obwera. Ku Malawi sanapondeko n'kamodzi komwe. Mayi amene anapezera kwawo oyendetsa basi, madokotala ndi nkhalamba zosiyidwa, iye mwini analibe koti n'kumunyamulira. Effie anakumbukira tiyi wozizira uja, ndipo analira kulira kumene sanalirepo chifikireni m'dziko lino.

Masana a tsiku lachiwiri kunamveka kugogoda. Anali a Paterson ndi abusa Stephanie. Bambo aja anavula nsapato pakhomo, analowa, anakana mpando, n'kutsika pansi movutikira, mawondo akulira. Anawomba m'manja katatu monga ankaonera Anti akuchitira pachipata cha manda. Kenako analankhula Chichewa chimene anachiloweza m'galimoto njira yonse, chopindika ngati mpini wa khasu lakale, koma aliyense anamva.

"Pepani. Mayi Jimu, kwawo ndi Wennock."

Anapitiriza m'Chingerezi kuti mudzi wonse unakumana, abusa avomera, ndipo malo alipo pansi pa mtengo. Anati munthu amene walambula manda a mudzi zaka zonsezi sangakhalenso mlendo, ndipo iye monga mwini mbumba wabwera kudzatenga munthu wake. Kenako mayi wina kukona anayambitsa nyimbo, ndipo Shamiso anadzuka n'kukagwira dzanja la nkhalamba ija.

Masiku ano Romford ndi yomwe ija, msika womwe uja, mabasi omwe aja, koma mzere pakhomo la basi umayenda msanga mokhumudwitsa. Munthu ukhoza kutha chaka chathunthu, kukwera, kutsika, kugwira shifiti, popanda wokufunsa kumene unachokera mofuna kumvadi yankho. Effie amati nthawi zina amaona mzungu atakhala yekha pabenchi, funso lija n'kufika pakamwa, koma manyazi amamugwira. Tawasowa Anti, ndipo tawasowa kwambiri.

Chilimwe chathachi Effie anakwera basi mpaka pothera, tsache lili m'chikwama, kuti akasese pa Anti. Atsekwe anamuthamangitsa monga mwa nthawi zonse. Atazungulira kuseri kwa tchalitchi anapeza ntchito itagwiridwa kale. Pansi pa mtengo panali poyera, mizere ya tsache ili bwinobwino kuzungulira manda atatu, ndipo a Paterson anali atatsamira mpini wa khasu la Anti, akupumira m'mwamba. Agulugufe ankauluka kutsidya kwa chingwe. Effie anayang'anitsitsa, n'kuona kuti chingwecho chalowa m'maluwa kuposa chaka chatha.

"Bambo Paterson, chingwechi sichinali apa."

Nkhalamba ija inapukuta magalasi, osamuyang'ana.

"Ndi mphepo," inatero.